Njanji ya ku Neno ndi Mbiri Yosungidwa m'Mapepala

Munthu woyenda m'chigwa cha Lisungwi m'boma la Neno masiku ano sadabwanso akamva kulira kwa sitima ya pamtunda. Imadutsa itakoka mabogi oposa 100 odzaza ndi malasha, ndipo ana oŵeta mbuzi amatopa kuwerenga isanathe kudutsa. Njanji imeneyi ndi yachilendo. Inayamba kumangidwa m'chaka cha 2012 ndi ndalama za kampani ya Vale ya ku Brazil, kuchokera ku Kachaso m'boma la Chikwawa, kudzera ku Mwanza ndi Neno, mpaka kukalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya m'boma la Balaka. Anaitsegulira mwamwambo mu 2017, ndipo ntchito yake yaikulu ndiyo kunyamula malasha a ku Moatize kupita ku doko la Nacala.

Tsono wina angafunse kuti, njanji ya dzulodzuloyi ili ndi mbiri yanji? Yankho lake likupezeka m'mapepala ndi zithunzi zakale, pakuti nkhani ya mtengatenga m'dera lino inayamba kale njanji isanabwere.

Tiyambire pa Matope, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Kuchokera pamenepa kutsikira kumunsi cha ku Chikwawa, mtsinjewu uli ndi mathithi amene palibe sitima ya pamadzi ingadutsepo. Choncho m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890 katundu yense wopita ku nyanja ankatsitsidwa kwa Katunga, n'kusenzedwa pamutu kukwera phiri mpaka ku Blantyre, kenaka n'kutsikira ku Matope kumene ankamukwezanso m'sitima. Ngakhale sitima zenizenizo zinkabwera zidutswazidutswa pamitu ya anthu. Sitima ya amishoni a UMCA yotchedwa Charles Janson anailumikizira pa Matope pompo mu 1885. Matope linali doko lodziwika, ndipo dzina lake limapezeka kawirikawiri m'makalata a amishoni ndi a kampani ya Mandala.

Kuvuta kwa ulendo umenewu ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zinachititsa kuti pamangidwe njanji. Azungu a minda ankadandaula kuti anthu amene akadawalimira khofi akuthera ku mtengatenga. Njanji yoyamba, ya Shire Highlands Railway, inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, mu 1908. Koma inaimira pomwepo kwa zaka zambiri. Pa nthawi yomweyo madzi a m'nyanja ankaphwera, mpaka cha m'ma 1915 Shire analeka kutuluka bwino m'nyanjamo, ndipo doko la Matope linafa. Pamene njanji inapitirira kulowera ku Salima mu 1935, chaka chomwe mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa, inaoloka mtsinje pa Shire North, kumtunda kwa Matope, n'kulunjika ku Balaka. Dera la Neno linatsala pambali, ndipo linadikira zaka pafupifupi 80 kuti njanji ilidutse.

Zonsezi tikuzidziwa chifukwa panali anthu olemba ndi osunga. Ku Zomba kuli nyumba yosungiramo zakale ya boma, ya National Archives, imene inayamba mu 1947. M'menemo muli malipoti a pachaka, makalata a mabwanamkubwa ndi a ma DC, mapu ndi zithunzi. Tiyenera kudandaula kuti mapepala ambiri a zaka zoyambirira anapsa pamene ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inagwira moto mu 1919, kotero kuti za nthawi ya Matope timadalira kwambiri zolemba za amishoni ndi amalonda. Ku Blantyre, m'nyumba yakale ya Mandala, bungwe la Society of Malawi limasunga mabuku ndi zithunzi zambiri za nthawi ya atsamunda. Ndipo amene akufuna kuona ndi maso mutu wa sitima yoyendera nthunzi akhoza kukaupeza panja pa nyumba ya chionetsero ya ku Chichiri.

Mphunzitsi wofuna kufufuza za Neno achenjere pa chinthu chimodzi. Boma la Neno linapatuka ku Mwanza mu 2003, ndipo kale dera lino linkawerengedwa pansi pa Blantyre, pomwe m'zaka zoyambirira za atsamunda linkatchedwa West Shire. Munthu akangofunsa dzina lakuti Neno lokha adzabwerera chimanjamanja, n'kumati mbiri kulibe, chikhalirecho ili pansi pa dzina lina.

Komabe, zithunzi zakalezi zili ndi chilema chimene wophunzira aliyense ayenera kuchiona. Nthawi zambiri wojambula anali mzungu, ndipo ankajambula zimene iye ankaziona kuti n'zofunika: mlatho, mutu wa sitima, bwana atavala chipewa. Kawirikawiri pansi pa chithunzi pamalembedwa dzina la bwanayo. Anthu akuda amene aima kumbuyo ndi mapiki ndi mafosholo, amene anakumba dothi ndi kusenza zitsulo, amangotchulidwa mwachigulu. Sitidziwa kwawo, sitidziwa ankalandira zingati aliyense, kapena amene anafera pa ntchitoyo anaikidwa kuti. Amene anasenza sitima pamutu ndiwo akusowa m'kaundula. Ine ndimaona kuti chithunzi chotere chimanena zoona, koma chimanena theka lokha.

Apa ndi pamene nkhani ya njanji yatsopano ikutikhudza. Anthu amene anagwira ntchito yomanga milatho ya pa Mkulumadzi ndi Lisungwi ambiri akali moyo. Amene minda ndi nyumba zawo zinali pamene padutsa njanji akudziwa malo ake enieni, ndipo ena akusungabe mapepala a chipukutamisozi m'sutikesi. Zithunzi zinajambulidwa zochuluka, koma zambiri zili m'mafoni a m'manja, ndipo foni ikagwera m'madzi kapena kubedwa, zonse zapita. Kampani imasunga mapepala ake, koma makampani amasintha: Vale inagulitsa mgodi ndi njanjiyi kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Mapepala a kampani amanena za makilomita ndi ndalama. Za mudzi sanena zambiri.

Sukulu ina iliyonse ya kwa Symon kapena kwa Mlauli ikhoza kuyamba ndi kope limodzi. Ophunzira apite kwa agogo ndi kwa amalume awo amene anagwirako ntchito, alembe dzina la munthu ngati iye walola, mudzi wake, chaka, ndi ntchito imene ankagwira. Chithunzi chikapezeka, achitsukitse pa pepala, ndipo kuseri kwake alembe ndi pensulo tsiku, malo, ndi maina a anthu onse ali pamenepo, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, osasiyako ngakhale wophika nsima.