Mmisili amene anafuna kuti kompyuta isonkhanitse anthu

Anyamata ndi atsikana a ku Northmead, Kabwata ndi Chelstone mu Lusaka, amene masiku ano amapikisana pa lamya za m'manja ndi anzao okhala kutali, ambili a iwo sanamvepo dzina lakuti Bunten. Koma mmisili ameneyu wa ku America ndi mmodzi wa amene analambula njila imene iwo akuyendamo.

Bunten anabadwa mu 1949 ku St. Louis, nadzakhala ku Little Rock m'cigawo ca Arkansas. Pamene anayamba nchito yake, maseŵela ambili a pa kompyuta anali a munthu mmodzi kulimbana ndi makina. Iye sanakhutile nazo, pakuti nsolo sukoma popanda mnzako tsidya lina la maenje. Seŵelo lake loyamba, Wheeler Dealers, la mu 1978, linali la anthu anai, koma anagulitsako pafupifupi 50 cabe.

Mu 1983 kampani ya Electronic Arts inafalitsa M.U.L.E., seŵelo limene mlimi aliyense angalimvetse msanga. Anthu anai amagaŵana minda m'dziko lacilendo. Wina amalima cakudya, wina amapanga magetsi, winanso amakumba miyala, ndipo zokolola zikabwela onse amakumana pa msika kukambilana mitengo. Wocenjela angabise cakudya kuti mtengo ukwele. Koma akapitiliza umbombo wotele anzake amafooka ndi njala, mudzi wonse nugwa, iye yemwe nagwa nao. Ife tiona kuti apa ndi pamene panagona nzelu zeni-zeni za mmisiliyu.

Malonda sanamuyanje kweni-kweni. M.U.L.E. anagulitsako pafupifupi 30,000, pamene The Seven Cities of Gold, seŵelo lake la munthu mmodzi la mu 1984, linafika 150,000. Ngakhale zinali telo, mu 1988 anatulutsa Modem Wars, lolumikiza anthu aŵili kupyolela m'waya wa lamya, intaneti isanafike m'nyumba za anthu. Pamene anauzidwa kuika mfuti ndi mabomba mu M.U.L.E. watsopano wa makina a Sega, anakana, ndipo nchitoyo inafela pomwepo.

Anabadwa mwamuna wochedwa Dan, koma mu 1992 anasintha nakhala mkazi, nadziŵika kuti Danielle Bunten Berry. Anamwalila pa 3 July 1998 ndi khansa ya m'mapapo, ali ndi zaka 49, atangolandila kumene ulemu kucokela kwa amisili anzake.