Kuphunzitsa Kagalu Ukhondo ku Chigwa cha Shire

Kagalu ka miyezi iwiri sikatha kusunga mkodzo nthawi yaitali, choncho kamayenera kutulutsidwa kakangodzuka, kakangomaliza kudya ndiponso usiku kasanagone. Mwini wake amasankha malo amodzi kuseri kwa nyumba, kutali ndi chitsime ndi pophikira, n'kumapita nako komweko nthawi zonse. Kakayamba kununkhiza pansi n'kumazungulirazungulira, ndiye kuti nthawi yakwana. Kakadzithandiza poyenera, kamapatsidwa kachidutswa ka nsomba pompopompo; kakalakwitsa sikamenyedwa, pakuti ndodo imangokaphunzitsa kubisala. Pamene kaipitsa m'nyumba pamatsukidwa ndi sopo kuti fungo lisakabwezerenso pomwepo.

Ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, mchenga umawotcha mapazi a kagalu. Malo odzithandizirawo akhale pamthunzi, ndipo madzi akumwa asasowe. Kakakwanitsa miyezi itatu, kabayidwe katemera wa chiwewe.