Pinball ndi dzina lobwereka ku filimu

Anthuni, kodi mudamvapo kuti ku New York apolisi ankaphwanya makina amasewera ndi nyundo? Zidachitikadi mu 1942, meya Fiorello LaGuardia ataletsa pinball ati ndi juga yodyera ana asukulu ndalama.

Pinball ndi bokosi lalitali la miyendo inayi, galasi pamwamba. Ukaponyamo khobidi, kampira kachitsulo kamatsetsereka m'katimo, kugunda apa ndi apo. Makina oyamba, monga Baffle Ball amene kampani ya Gottlieb idapanga ku Chicago mu 1931, adalidi amwayi: ukakankha kampirako, basi, n'kumangoyang'ana. Mu 1947 kampani yomweyo idaika timikono tomenyera kampira pa makina otchedwa Humpty Dumpty. Luso lidalowapo, koma mbiri yoipa idakakamirabe.

Chidathandiza kutsuka mbiriyo ndi filimu. Mu 1975 kudatuluka Tommy, nkhani ya mnyamata wosaona, wosamva ndi wosalankhula amene adasanduka katswiri wa pinball. Kampani ya Bally sidagone: idatulutsa makina a Wizard!, kenaka Captain Fantastic okhala ndi chithunzi cha Elton John, woimba amene adasewera nawo m'filimuyo. Mu 1976 Roger Sharpe adasewera pinball pamaso pa makhansala a New York pofuna kuonetsa kuti ndi luso, chiletso n'kuchotsedwa.

Kuchokera apo makampani adazolowera kukwera pamsana pa mafilimu. Makina a The Addams Family a 1992, olankhula ndi mawu a Raul Julia ndi Anjelica Huston, adagulidwa oposa 20,000, chiwerengero chimene makina ena a timikono sadachifikebe.

Koma paja nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Masewera a pakompyuta atalowa m'nyumba za anthu, achinyamata adasiya kupita kumalo osewerera. Mu 1999 kampani ya Williams idayesa dzina lalikulu la Star Wars, koma chaka chomwecho idasiya pinball n'kulimbikira makina a juga. Taonani, juga yomwe ija pinball idavutika kudzichotsa!

Kampani ya Stern idatsala, ndipo ikupangabe makina a mafilimu monga Jurassic Park ndi Jaws. Amene amawasewera lero sabwerera chifukwa cha chithunzi ayi, koma kukoma kwa masewerawo.

Inu amalonda, dzina lotchuka limakokera kasitomala pakhomo kamodzi. Kuti abwerenso mawa, katunduyo ayenera kudzilankhulira yekha.