Kusamala Mapazi kwa Anamwino ndi Onse Ogwira Ntchito Ali Chiimire

Munthu wobwera kusikelo ku Khombedza, ku Chipoka kapena ku Lifuwu amapeza namwino ali chiimire kuyambira m'maŵa kufikira dzuŵa litapendeka. Pachipatala chachikulu cha Salima, anamwino a usiku amachezera kuyendera odwala mpaka kunja kutacha. Kulemera konse kwa ntchitoyi kumagwera mapazi, ndipo namwino akagona chifukwa cha miyendo, ovutika ndi odwala amene ali pamzere.

Chimene chimatupitsa mapazi

Phazi lililonse lili ndi mafupa 26, ndipo limasenza thupi lonse. Magazi amatsikira kumapazi mosavuta, koma pobwerera kumtima ayenera kukwera chitunda. Chimene chimawakankha ndi minofu ya akatumba a miyendo, imene imafinya mitsempha munthu akamayenda. M'mitsemphamo muli tizitseko ting'onoting'ono toletsa magazi kubwerera pansi. Munthu akaima malo amodzi nthaŵi yaitali, minofu ija sigwira ntchito, magazi amadikha, ndipo mapazi ndi akakolo zimatupa. Zikapitirira kwa zaka, tizitseko tija timafooka, mitsempha nkuyamba kutukumuka ndi kupindika ngati zingwe.

M'mbali mwa nyanja vutoli limakula m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, chifukwa kutentha kumafutukula mitsempha. Thukuta lochuluka m'nsapato limanyowetsanso khungu, ndipo pakati pa zala pamayamba kuyabwa, kuyera ndi kusupuka.

Zoyenera kuchita

1. Nsapato zikhale zafulati, zogwira bwino chidendene, zosiya malo oti zala zizitakataka. Ndi bwino kuziyesa madzulo, pamene mapazi atupako. Nsapato za pulasitiki zimasunga thukuta, ndipo patapata sateteza phazi ku singano kapena magazi ogwera pansi.

2. Masokosi akhale oyera ndi ouma, osinthidwa tsiku ndi tsiku. Nsapato ziyanikidwe pamphepo zisanavalidwenso.

3. Poima, munthu azinyang'ama ndi zala kakhumi, kenaka nkutsika, kangapo pa tsiku. Kuyenda pang'ono kuposa kuima duu.

4. Poŵeruka, agone chagada ndi kusanjika miyendo pamtsamiro kapena pakhoma, kuti ikwere kuposa chifuwa, kwa mphindi 15 kapena 20.

5. Mapazi asambitsidwe ndi sopo ndi madzi a pamjigo kapena a pampopi, ndipo apukutidwe bwino, makamaka pakati pa zala. Kuviika mapazi otopa m'madzi odikha a m'mbali mwa nyanja kumakoma, koma m'menemo ndi mmene tizilombo ta likodzo timaloŵera pakhungu.

6. Zikhadabo ziŵengedwe mowongoka, osakumba m'mbali, kuti zisaloŵe m'mnofu. Mafuta odzola apakidwe kuchidendene popeŵa ming'alu, koma osati pakati pa zala.

Zizindikiro zosayenera kudikira

Kutupa kwa kutopa kumagwira miyendo yonse iŵiri, ndipo kumaphwa munthu akagona. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, nkumapweteka ndi kutentha, mwina magazi aundana mumtsempha; wotere asautikite, koma aonane ndi dokotala tsiku lomwelo. Dzanzi losatha kumapazi kapena chilonda chosapola zingakhale zizindikiro za matenda a shuga. Mayi woyembekezera akatupa mapazi, manja ndi nkhope, mutu nkumaŵaŵa, apite msanga kwa azamba kukayezetsa kuthamanga kwa magazi.

Malangizo ameneŵa si a anamwino okha. Mayi wogulitsa usipa pamsika, mphunzitsi woima pabolodi ndi mlonda wochezera usiku, onseŵa mitsempha yawo imagwira ntchito mofanana. Odwala nawonso angathandize pofika kuchipatala m'maŵa ndi kusunga mzere mwaulemu. Akaona namwino wakhala pansi kamphindi, asamuyese waulesi, pakuti akupumitsa miyendo imene iyenera kuimiriranso maŵa pothandiza iwo omwe ndi ana awo.