Chiphaso cha boma sichitsekula geti la esiteti

Udzu ukangouma, kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, nkhani zake zimakhala zomwezomwezo m'maboma a maesiteti monga Kasungu, Mchinji, Thyolo ndi Mulanje. Uyu walandidwa mkondo ndi agalu, uyo wagona kupolisi, onse akulumbira kuti anapempha. Anapemphadi, koma kwa yani?

Za boma tidutsepo msanga. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992 limati nyama zakutchire si za mwini munda kapena mwini esiteti, boma limazisunga m'malo mwa Amalawi onse. Wofuna kuwombera gwape ayenera kukhala ndi chiphaso cha ku nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo mfuti yake, kaya ndi chifefe chosiyidwa ndi agogo, ikhale ndi laisensi ya kupolisi. Mapepala awiriwa sakupatsani ufulu woponda malo a munthu. Chilolezo cha mwinimalo n'chachitatu, ndipo n'chimene chimatha nsapato.

Munthu woyamba kukumana naye ndi mlonda wa pageti, ndipo ambiri amathera pomwepo chifukwa savuta. Mukamupatsa ya fanta amakodola mutu n'kunena kuti, "Lowani achimwene, koma mukapha mutikumbukire mwendo." Mawu amenewo amatha mphamvu iye akangoweruka, wausiku sakudziwani. Galimoto ya manijala ikatulukira muli pakati pa tchire, yemweyo ndiye ayambe kukuwa kuti, "Awa sindikuwadziwa, bwana!" Sitingamudzudzule kwambiri, ntchito ndi yake ndipo ana akudikira ufa. Kapitawo nayenso alibe mphamvu yololeza, ngakhale amayankhula ngati malowo anagula yekha.

Wololeza ndi mwini lizi kapena manijala amene wapatsidwa udindowo. Kumupeza ndiye nkhani. Kuofesi kalaliki sakweza n'komwe maso: bwana apita kumunda, bwerani Lachiwiri. Lachiwiri apita ku Blantyre. Ulendo uliwonse ndi ndalama ya kabaza imene palibe adzakubwezereni. M'maesiteti a tiyi, amene ambiri ndi a makampani, konzekerani kumva "ayi", chifukwa amaopa moto pa bulugamu amene fakitale imaumitsira tiyi. Chimene chimanyansa n'chakuti "ayi" wa mphindi imodziyo amamubisa kwa milungu.

Ku maesiteti a fodya vuto ndi lina. Ambiri anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ena malizi awo anatha kalekale, eni ake anamwalira, ana akulimbirana. Pamalopo mupeza matenanti, kapena mphwake wa malemu amene amalandira ndalama kwa aliyense wobwera, pamene anyakwawa akuti malowo anabwerera kumudzi. Amene angakuuzeni dzina lenileni la mwini lizi ndi a ofesi ya za malo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, koma thiransipoti yokha ikuposa mtengo wa gwapeyo. Pamalo otere pemphani mbali zonse ziwiri, abale a malemu ndi anyakwawa. Wina akakana, kasakeni kwina, musalowe m'milandu ya chuma cha amasiye chifukwa cha ndiwo.

Mukamupeza woyenera, musachoke ndi mawu apakamwa. Pitani ndi kalata yolemberatu, makope awiri: dzina lanu ndi mudzi, nambala ya chiphaso cha unzika, masiku osaka, malire ake (kuyambira padambo mpaka kumtsinje, mwachitsanzo), nyama imene mukufuna, anthu ndi agalu angati, ndi nambala ya mfuti ngati ilipo. Asayine onse awiri ndi kudindapo chidindo, imodzi itsale kuofesi, ina muikulunge m'jumbo n'kuyenda nayo. Kakalata ka anyakwawa kokuchitirani umboni kamafewetsa mtima wa manijala amene sakudziwani. Akatchula ndalama, funsani lisiti. Akayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti ikulowa m'thumba, ndipo tsiku la mlandu sadzaikumbuka.

Pali zina zimene ngakhale mwini esiteti sangakuloleni, asayine kangati: kusaka ndi moto, poizoni, makhwekhwe, kapena kuthobwa nyama ndi tochi usiku. Ngaka musaikhudze n'komwe. Chisinthireni lamulo mu 2017, wopezeka ndi nyama zotetezedwa kwambiri ngati imeneyi akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30.

Anyamata a mbewa safunika chiphaso cha boma, koma nawonso apemphe, ndipo pa minda ya kumudzi wopemphedwa ndi mwini munda, osati amfumu okha. Eni minda ambiri mbewazo sazikaniza, zimawathera chimanga. Amakwiya ndi maenje osakwirira amene amathyola miyendo ya ng'ombe, ndi lupsa lothawa n'kukatentha udzu wofolera wa mudzi wonse. Popempha neneranitu kuti mukwirira ndipo machesi musiya kunyumba.