TASO: bungwe lomwe linayamba kusamala odwala Edzi mankhwala asanabwere

Mu 1986, Christopher Kaleeba, mbadwa ya ku Uganda yemwe ankaphunzira pa yunivesite ya Hull ku England, anadwala mwakayakaya ndipo madokotala anamupeza ndi Edzi. Mkazi wake Noerine, mphunzitsi wa ntchito ya mafizo pachipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala, anapita kukamudwazika. Ku Hull wodwalayo anasamalidwa mwaulemu, koma atabwerera kwawo zinthu zinatembenuka. Ena mwa ogwira ntchito zachipatala ankaopa ngakhale kumuyandikira. Christopher anamwalira mu Januwale 1987.

Chaka chomwecho, Noerine ndi anzake 15 anakhazikitsa The AIDS Support Organisation, mwachidule TASO. Ambiri mwa iwo anali ndi kachilombo ka HIV kapena ankadwazika wachibale. Mmodzi anali Dr Elly Katabira, yemwe anatsegula kiliniki ya odwala Edzi pa Mulago.

Kodi anthu opanda mankhwala akanathandiza bwanji? Yankho lagona pa momwe HIV imagwirira ntchito. Kachilomboka kamawononga maselo a CD4, omwe ndi asilikali a m'thupi. Chitetezo chikatsika, munthu amagwetsedwa ndi matenda ongopezerapo mwayi: chifuwa chachikulu, kutsegula m'mimba kosalekeza, zilonda za m'kamwa zomulepheretsa kumeza, mashingozi. Ambiri mwa matendawa ankachizika ngakhale nthawi imeneyo, koma wodwala wotsekeredwa kuchipinda, mbale yake yapayokha, ankafa nawo osaonana ndi dokotala. Aphungu a TASO ankalowa m'nyumba zotere, kukhala pamphasa ya wodwalayo, kumugwira dzanja abale akuona, kenaka kufotokozera banja kuti HIV sifala podyera mbale imodzi. Ankaphunzitsa kasambitsidwe ka wodwala, kadyedwe, ndi kuthamangira kuchipatala chifuwa chikangoyamba. Uthenga wawo unali wakuti munthu wopezeka ndi kachilombo akadali ndi moyo woti aukonzekere, ndipo ngati imfa yafika, afe mwaulemu.

Ena ankaiona ntchitoyi ngati yongopepesa maliro asanachitike. Ine ndimaiona ngati maziko a zonse zomwe zinadza pambuyo pake, ndipo umboni ulipo. Mu 2004, magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wochitika ku Tororo pakati pa anthu othandizidwa ndi TASO. Anapeza kuti kumwa Bactrim tsiku ndi tsiku, mankhwala otchipa omwe analipo kale, kunachepetsa imfa pafupifupi ndi theka, komanso kunachepetsa malungo ndi kutsegula m'mimba. Kafukufuku wotere amatheka pokhapokha pali anthu oyezetsa, osabisala, odziwika komwe amakhala.

Mu 2004 momwemo TASO inayamba kupereka ma ARV ndi thandizo la PEPFAR, thumba la boma la America. Apa panabuka vuto lina: madokotala ochepa, zipatala kutali, odwala osowa ndalama yokwerera galimoto mwezi ndi mwezi, chonsecho ma ARV safuna kudumphitsa, chifukwa kachilombo kamayamba kupima mphamvu mankhwalawo. Ku Jinja, TASO inaphunzitsa anthu wamba, osati madokotala, n'kuwapatsa njinga zamoto. Mwezi uliwonse ankafika pakhomo ndi mankhwala, kufunsa wodwala mafunso olembedwa papepala, ndipo akaona chizindikiro choopsa ankaimbira foni dokotala kapena kumutumiza kuchipatala. Zotsatira za kafukufuku wa ntchitoyi, zomwe zinatuluka mu The Lancet mu 2009, zinaonetsa kuti olandirira mankhwala pakhomo ankapeza bwino chimodzimodzi ndi olandirira kuchipatala, koma iwo osawononga ndalama zambiri zoyendera.

Kuno ku Malawi, anthu omwe ali ndi HIV anakhazikitsa bungwe lawo la NAPHAM mu 1993, nawonso ma ARV aulere asanafike.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi gwero la ndalama. TASO inakula n'kufika ku Masaka, Mbarara, Mbale, Gulu ndi madera ena, koma mbali yaikulu ya ntchito yake yakhala ikudalira thandizo lakunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake lopita kumayiko ena mu Januwale 2025, mabungwe ambiri a Edzi ku Uganda anagwedezeka. Ndalama zikachepa, oyamba kuchotsedwa amakhala aphungu ndi oyendera odwala m'midzi, poti amaoneka ngati si achipatala enieni. Boma la Uganda likufunika kuwaika anthu amenewa mu bajeti yake ya zaumoyo, pamodzi ndi mankhwalawo.