Za Zithunzi Zoopsa za Kanema: Kodi Tiopa Mwazi Kapena Mdima?

Pali mlandu umene akulu ndi anyamata alikutsutsana masiku ano, ndiwo wa zithunzi zoopsa za kanema. Akulu ati zakale zinali kuopsa munthu mwanzeru, koma zamakono zingothira mwazi monga pophera ng'ombe. Anyamata ati iai, zakale nzozizira, za lero ndizo zenizeni. Popeza zithunzizi zalowa m'nyumba zathu, ndipo mwana akhoza kuziona pa foni ali gone pamphasa, makolo ake osadziwa, nkoyenera kuti tiuweruze mlanduwu modekha.

Poyamba tilekanitse zinthu ziwiri zimene ambiri azisokoneza. Munthu akamva fisi alikulira usiku kuseri kwa khola, osadziwa ngati ali patali kapena pakhomo, mtima wake ugunda, thupi nilichita tsemwe. Amenewo ndiwo mantha. Koma akampeza fisi yemweyo m'mawa atafa, mimba yotumbuka, ntchentche zili pomwepo, saopa konse. Angotembenuza nkhope nalavula. Kumeneko ndiko kunyansidwa. Mantha abadwa mwa chimene tisanachione, kunyansidwa kubadwa mwa chimene chili poyera pamaso pathu.

Amisiri akale anadziwa ichi bwino. M'chaka cha 1922, ku Germany, F. W. Murnau anapanga chithunzi chotchedwa Nosferatu, ndipo chimene anthu achikumbukira kufikira lero ndicho mthunzi wa mfiti yoyamwa mwazi ulikukwera makwerero, zala zake zili zazitali pakhoma. M'chaka cha 1942, ku America, Val Lewton ndi Jacques Tourneur anatulutsa Cat People. M'menemo mkazi ayenda yekha usiku, namva mapazi alikumlondola. Mapaziwo aleka mwadzidzidzi, ndipo pamene oonerera ayembekeza chilombo, chimene chitulukira ndi mkokomo ndi basi chabe. Panalibe dontho la mwazi, koma anthu anadzidzimuka m'mipando yao.

Alfred Hitchcock anafotokoza nzeru imeneyi ndi fanizo. Anthu awiri akakhala pa tebulo, bomba niliphulika osayembekeza, oonerera adzidzimuka kamphindi kokha. Koma mukayamba mwawaonetsa bombalo pansi pa tebulo, ndi nthawi imene lidzaphulika, adzavutika mtima pa mau onse amene awiriwo alankhula. M'chithunzi chake Psycho, cha 1960, mkazi aphedwa alikusamba. Ambiri anatuluka nalumbira kuti aona mabala oopsa, chikhalirecho mpeni suoneka ulikung'amba thupi, ndipo mwazi wa m'chithunzi chopanda mitundu chija unali madzi a chokoleti. Mabalawo anawajambula ndi maganizo a oonerera okha.

Tsono kodi akulu apambana mlandu? Tisafulumire, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Akale sanabise mwazi chifukwa cha nzeru yokha ai. Analinso omangidwa ndi lamulo. M'chaka cha 1930 opanga zithunzi a ku Hollywood analandira malamulo a makhalidwe, amene wansembe wa chipani cha Ayezuiti, Daniel Lord, anathandiza kulemba, ndipo kuyambira 1934 malamulowo anagwira ntchito molimba. Ndiponso njala yakuona mwazi siinayambe dzulo. Mu mzinda wa Paris munali nyumba ya masewero yotchedwa Grand Guignol, imene kuyambira 1897 kufikira 1962 inali kuonetsa anthu alikukolowolana maso ndi kudulana ziwalo monamizira, ndipo anthu anali kulipira ndalama kuti akaone. M'chaka cha 1963 Herschell Gordon Lewis anatengera mwambo womwewo ku kanema ndi chithunzi chake Blood Feast. Pamene malamulo aja anachotsedwa mu 1968, nakhazikitsidwa m'malo mwake machenjezo a msinkhu wa oonerera, chitseko chinatseguka ndithu.

Inde nzoona kuti ambiri a masiku ano analowa pa chitseko chimenecho. Saw, cha 2004, ndi Hostel, cha 2005, zionetsa anthu omangidwa alikuzunzidwa. Ndipo Saw chinabala ana, kotero kuti mu 2023 chinatuluka chakhumi. Chifukwa chake nchosabisika. Kumanga mantha kufuna nkhani yolukidwa bwino, ndi anthu amene woonerera awakonda nawadera nkhawa. Koma kuthira mwazi kufuna utoto ndi makina basi. Tsoka lake ndi ili: mwazi uli ngati mchere. Lilime likazolowera, ndiwo za dzulo zimveka zosakolera, ndipo wophika ayenera kuonjeza tsiku ndi tsiku kufikira chakudya chaonongeka.

Koma ndani anganene kuti amisiri a mdima anatha? M'chaka cha 1999 The Blair Witch Project chinaopsa anthu ochuluka, ngakhale mfiti yake sioneka ngakhale kamodzi; muli nkhalango, usiku, ndi mau osadziwika kumene achokera. Mu 2017 Jordan Peele anapanga Get Out, za mnyamata wakuda wocheza kwa makolo a bwenzi lake loyera. Mwazi ubwera kumapeto, koma chimene chizizira m'mafupa ndicho kumwetulira kwa eni nyumba, ndipo nkhaniyo inalandira mphotho ya Oscar. Mu 2018 John Krasinski anatulutsa A Quiet Place, za banja lokhala pakati pa zilombo zosaona zimene zisaka ndi makutu. Atate, amai ndi ana alankhulana ndi manja. Ndipo msomali umodzi wotulukira pa makwerero, umene mai wapakati adzaupondadi, usautsa mtima koposa mitembo zana. Limenelo ndilo bomba lija la pansi pa tebulo.

Chotero mlandu tiudula motere: njira ziwirizi zinalipo kale, ndipo zilipo lero. Chimene chasinthika ndi chakuti kale wofuna zonyansa anali kuzilondola kutali, koma lero zimlondola iye kufikira kuchipinda.

Nchifukwa chake, inu makolo, musafunse kokha kuti, kodi chithunzichi nchoopsa? Ngakhale agogo athu anali kutiopsa ndi nthano za zilombo pamoto madzulo, ndipo tinakula bwino, popeza tinali kuopa pamodzi ndi mwana wa m'nthanoyo, ndi kufuna kuti apulumuke. Funsani makamaka kuti, kodi mwana wanga poonerera aima mbali ya yani? Mantha abwino amuika pamodzi ndi wothawayo, namkumbutsa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma chithunzi chongoonetsa mabala chimuika pambali pa wozunzayo, nichimphunzitsa kuwerenga kulira kwa munthu ngati masewero. Yang'anani msinkhu wolembedwa pa chithunzi chilichonse. Khalani nao ana anu poonerera. Ndipo chikatha muwafunse chimene amva. Akati, ndinamuopera munthu uja, mtima wao uli moyo. Koma mukawamva alikuseka pamene munthu alikudulidwa, pamenepo ndipo muyenera kuopa ndinu.